Kaboti Kanga Koyamba ka Matabwa

Mwana aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja amakhala mwini chombo asanadziwe n'kulemba dzina lake komwe. Ena amasema timabwato ta chiwale, ena amamanga mapesi a chimanga ndi luzi, ena amangodula chigubu chakale n'kumachikoka ndi chingwe m'madzi osaya. Zonsezi ndi zidole, ndipo chidole sichifuna zambiri. Chikangoyandama, mwini wake wakhutira. Koma pali kaboti ka mtundu wina kamene sikali chidole ayi. Kameneka ndi kotsanzira boti lenileni, kokhala ndi msana, nthiti ndi matabwa monga momwe lilili lalikululo, chiwalo chilichonse chitachepetsedwa ndi muyeso umodzi. M'nkhani ino ndikufuna kukufotokozerani, anzanga, momwe ndinapangira kaboti kanga koyamba ka mtundu umenewu pa tchuthi chachitali chapitachi, ndiponso chimene chinandichititsa kutero.

Kwathu ndi ku Malindi, m'boma la Mangochi. Kwa inu amene simunafikeko, mukawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi mumatsata msewu wopita ku Makanjira, nyanja ili kumanzere, mapiri ali kumanja. Malindi ndi wodziwika chifukwa cha mishoni ya Anglican, chipatala cha St Martin's ndi sukulu ya atsikana ya St Michael's. Popeza tili kum'mawa kwa nyanja, ife dzuwa limatilowera patsidya pa madzi, ndipo nthawi yomweyo ndi imene asodzi a usipa amakankhira maboti awo m'madzi, nyali zili m'manja.

Pakati pa maboti amenewa panali limodzi la pakhomo pathu. Analikhoma ndi agogo anga aamuna, obereka amayi, ine ndisanabadwe. Atakalamba analisiya m'manja mwa amalume, amene ankapita nalo ku chilimira. Sindichita manyazi kunena kuti fizi yanga, yunifolomu yanga, ngakhale sutikesi imene ndinabwera nayo ku Fomu 1, zonse zinatuluka m'boti limeneli. Linakonzedwa kambirimbiri, thabwa ili kuchotsa, lina kuikapo, koma chaka chino msana wake unaola. Boti likaola msana, palibenso mankhwala. Nditafika ku tchuthi ndinalipeza litakokeredwa pamtunda pansi pa mtengo, ndipo amalume anali atanena kale kuti likhala nkhuni zowambira nsomba mwezi usanathe.

Ndinafunsa agogo kuti, "Agogo, kodi pulani ya botili ili kuti, kuti mwina tsiku lina tidzakhomenso lina longa lomweli?"

Iwo anaseka, naloza pamphumi pawo. "Ili muno, mdzukulu wanga. Ine pepala ndinalidziwira kuti?"

Yankho limeneli linandisowetsa tulo. Agogo maso ayamba kuchita chimbuuzi, ndipo manja amanjenjemera akagwira pulena. Anyamata amene anawaphunzitsa ntchitoyi ambiri anapita ku Joni. Ndinaona kuti boti likang'ambidwa, maonekedwe ake adzatsala m'mutu wa munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo ndi wokalamba. Apa m'pamene ndinakumbukira phunziro la masamu lija la kuchepetsa zinthu ndi muyeso, limene ambiri a ife timaliloweza chifukwa cha mayeso basi. Ndinapempha amalume kuti andipatse masabata awiri asanagwire nkhwangwa. Anavomera, ngakhale anandiyang'ana ngati sukulu yandisokoneza mutu.

Ntchito yoyamba inali kuyeza. Ndinabwereka tepi kwa kalipentala wina wa pamsika, n'kutenga kope langa la masamu la timabokosi. Boti linali lotalika mamita 7, m'mimba mwake penipeni pamene lafutukuka kwambiri linali mita imodzi ndi masentimita 80, ndipo kuya kwake kunali masentimita 70. Ndinasankha muyeso wa 1 pa 10, kutanthauza kuti masentimita 10 a pa boti akhale sentimita imodzi pa kaboti. Motero kaboti kanayenera kutalika masentimita 70, kufutukuka masentimita 18, kuya masentimita 7. Muyeso umenewu ndi wabwino kwa woyamba kumene chifukwa kugawa ndi 10 sikuvuta. Sitima zikuluzikulu zimafuna muyeso wina. Ilala, mwachitsanzo, ndi yotalika pafupifupi mamita 52, choncho pa muyeso wangawu ikanatuluka yoposa mamita 5, yosalowa n'komwe m'nyumba. Woitsanzira angachite bwino kutenga 1 pa 100.

Kutalika ndi kufutukuka n'kosavuta kuyeza. Chovuta ndi mimba ya boti, popeza palibe pamene yawongoka. Ndinakoka chingwe kuchokera kumutu kufika kumbuyo, chodutsa pakati penipeni. Boti linali ndi nthiti 13 mbali iliyonse. Pa nthiti iliyonse ndinkayeza kuchokera pa chingwe kufika m'mphepete, kenaka n'kutsika masentimita khumikhumi, kuyezanso, mpaka kufika pansi. Manambala onsewa ndinkawalemba m'mizere, ndipo madzulo ndinkaika timadontho m'kope, kabokosi kamodzi kuimira masentimita 10, n'kulumikiza timadonthoto ndi pensulo. Pang'onopang'ono nthiti za boti zinayamba kuoneka pa pepala. Ntchitoyi inanditengera masiku anayi, mphepo ya mwera ikundithira mchenga m'maso, ana a m'mudzi atandizungulira ngati ndikugulitsa mandasi.

Tsiku lachisanu ndinapita nazo zojambulazo kwa agogo. Anazibweretsa pafupi ndi maso, naziyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Boti ili silanga."

Ndinawasonyeza manambala, ndipo tinapita limodzi kukayezanso. Tepi inanena zomwezo.

"Tepi yako sikunama," anatero agogo, "koma ikuyeza nkhalamba. Taona apa. Nthiti zapakatizi zatambasuka chifukwa cha katundu wa zaka zambiri, ndipo mbali iyi yaphwa chifukwa chogonera pamchenga. Ine ndinakhoma mtsikana, iwe wajambula gogo."

Atatero anatenga waya wokhuthala, naupinda pang'onopang'ono pa bondo lawo, akutsinzina diso limodzi, mpaka unatenga maonekedwe a nthiti yapakati monga momwe inalili tsiku loyamba kulowa m'madzi. Anachita chimodzimodzi ndi nthiti zina zinayi. Ine ndinayeza mawayawo n'kukonza zojambula zanga. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti tepi imanena za lero zokha, pamene za dzulo zili ndi amene analipo. Komanso diso la agogo palokha silikanatha kuika boti lija pa pepala. Zinafunika zonse ziwiri, diso lawo ndi masamu anga. Paja mutu umodzi susenza denga.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti amisiri a zombo a ku Ulaya ndi ku America, zaka mazana awiri zapitazo, ankayamba ndi kusema theka la kachombo kakang'ono ndi manja. Likawakomera m'maso, ankayeza kachomboko n'kukulitsa manambalawo kuti apeze chombo chenicheni. Iwo ankachoka pa chaching'ono kupita pa chachikulu, ine ndinkachoka pa chachikulu kupita pa chaching'ono, koma njira ndi imodzi yomweyo. Ndiye kuti kaboti koyezedwa bwino kangathe kubereka boti lina.

Za mtengo sindinavutike kusankha. Boti la agogo linali la mlombwa, mtengo umene sufulumira kuola m'madzi ndiponso supindika wamba ukauma. Masiku ano mlombwa waukulu wocheka matabwa aatali ukusowa ndipo ndi wodula, monganso mitengo ikuluikulu yosemera mabwato. Amalume anandilola kuzula thabwa limodzi la m'mwamba limene linali lolimbabe. Nditalipala, pansi pa penti ndi phula panatuluka mtengo wofiirira, wonunkhira ngati wadulidwa dzulo. Choncho kaboti kanga ndi mwana weniweni wa boti lija, magazi amodzi.

Zida zanga zinali zochepa: mpeni wakuthwa, kasowo kodulira zitsulo, pulena ya agogo, sandipepa, magalasi a botolo losweka opalira, mapini a telala, ndi kabotolo ka guluu wa matabwa kamene ndinakagula pa boma. Ndinayamba ndi msana, umene ndi mtanda wapansi wogwira boti lonse. Kumutu kwake ndinalumikizako kamtengo kopindikira m'mwamba kong'amba madzi, ndipo kumbuyo ndinaika kathabwa kaphwatalala kamene pa boti lenileni amakolekapo injini. Nthiti ndinazijambula pa katoni, n'kuzidinda pa thabwa, n'kuzicheka imodziimodzi. Agogo anandilangiza kuti chiwalo chilichonse ndichilembe nambala ndi pensulo ndisanachiike pambali, popeza nthiti yachisanu ndi yachisanu n'chimodzi zimafanana ngati mapasa.

Langizo limeneli lili ndi mbiri yake kwathu kuno. Sitima ya Chauncy Maples, imene inatchedwa dzina la bishopu wa Anglican amene anamira m'nyanja ino mu 1895, inapangidwa ku Glasgow m'dziko la Scotland mu 1899. Anaiphwasula m'zidutswa 3,481, nazitumiza pa nyanja yamchere, kenaka kukwera Zambezi ndi Shire. Pamene mathithi anatseka njira, anthu anasenza zitsulozo pamutu, ndipo chithupsa chake cholemera matani 11 chinakokedwa pamtunda ndi amuna 450. Chidutswa chilichonse chinali ndi nambala yake, koma manambalawo anakwiririka pamene zitsulozo zinakutidwa ndi mankhwala oteteza dzimbiri. Amisiri anachita kufunafuna kuti ichi chilowa pati, ndipo sitimayo inalowa m'madzi pa 6 Juni 1901, patatha zaka ziwiri. Ilala nayo inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Ndikamalemba timanambala pa nthiti zanga 26 ndinkaganiza za anthu amene anakhala pansi ndi zidutswa zikwi zitatu zopanda nambala, ndipo ulesi unkandithera.

Gawo lovuta koposa linali la matabwa a m'mbali. Pa boti lenileni thabwa linali lokhuthala masentimita awiri ndi theka, ndiye kuti pa kaboti linayenera kukhala mamilimita awiri ndi theka, kupyapyala ngati chikuto cha buku. Panafunika timatabwa 12, tisanu n'kamodzi mbali iliyonse. Ndinkacheka kokhuthalirapo, n'kupala ndi pulena, n'kumalizitsa ndi galasi, ndikuyeza pafupipafupi. Kathabwa kamodzi kankanditengera m'mawa wonse. Zala zinatuluka matuza, ndipo amayi ankandinena kuti ndaiwala njira ya kumpira.

Mtengo wouma sulola kupindidwa, umathyoka. Agogo anandiphunzitsa kuviika timatabwato m'madzi owira kwa kanthawi, kenaka kukapinda kakadali kotentha pa nthiti, kukamanga ndi ulusi, n'kukasiya usiku wonse. M'mawa kamakhala katavomera, ndipo pamenepo m'pamene umapaka guluu n'kukhomera timapini todula mitu m'malo mwa misomali. Kaboti ndinakamanga chozondoka, nthiti zitakhomeredwa pa thabwa lowongoka kuti zisasunthe. Lamulo lina limene agogo analibwereza kawirikawiri ndi lakuti usamalize mbali imodzi yokha. Ukaika thabwa kumanja, lotsatira liike kumanzere, chifukwa thabwa lopindidwa limakoka, ndipo likakoka mbali imodzi boti limapotoka msana. Boti lopotoka, anatero, limayenda ngati nkhanu, ndipo wopalasa amatopa pachabe.

Chinanso chimene sindinkachidziwa n'chakuti thabwa la boti silifanana kukula kuyambira uku mpaka uko. Pakati limakhala lotambalala, koma kumutu limaonda, popeza matabwa onse asanu n'limodzi ayenera kukumana pamalo opapatiza. Palibe nambala imene agogo anandipatsa pa zimenezi. Ankangoyendetsa chala chawo chachikulu pa kathabwa, nati, "Chotsako pang'ono apa." Ndikachotsa, n'kuyesa, kankalowa ndendende. Ine ndinkayeza zimene chala chawo chanena n'kuzilemba m'kope.

Masabata awiri aja atatha, amalume anasunga pangano lawo, ndipo ine ndinalibe chifukwa chowaletsera. Boti linang'ambidwa tsiku limodzi lokha. Misomali anaitola kuti akagwiritse ntchito pena, matabwa abwinoko anakhala chitseko cha khola, otsalawo anapita kowambira nsomba. Agogo tsiku limenelo sanapite kunyanja. Anakhala pakhonde ndi ine, akundigwirira kaboti pamene ndinkatseka mipata ya pakati pa matabwa ndi ulusi wa thonje, monga momwe amachitira pa boti lenileni asanathire phula. Sanayankhule zambiri. Kulira kwa nkhwangwa kunkamveka mpaka pamene tinali.

Nditaika timipando titatu ndi kupaka penti wobiriwira pansi ndi woyera m'mwamba, monga linalili lija, inafika nthawi yokayesa m'madzi. Apa masamu anandionetsa chinthu chodabwitsa. Ukachepetsa kutalika kakhumi, kufutukuka kakhumi, kuya kakhumi, ndiye kuti malo a m'kati wachepetsa 10 kuchulukitsa ndi 10 kuchulukitsanso ndi 10, kumene kuli ka 1,000. Agogo anandiuza kuti boti lawo likanyamula matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, madzi ankafika pa thabwa lachitatu kuchokera pansi. Matumba 20 ndi makilogalamu 1,000, choncho kaboti kanayenera kunyamula kilogalamu imodzi yokha n'kumira mpaka pa kathabwa kachitatu komweko. Ndinayeza mchenga wa kilogalamu imodzi pa sikelo ya pa golosale, n'kuugawa m'timapepala ta pulasitiki 20.

Tinasankha m'mamawa, mwera usanadzuke. Ndinalowa m'madzi ofika m'maondo, n'kukhazika kaboti. Kanayandama mowongoka, osapendekera uku kapena uko. Ndinayamba kulongeza timatumba tija kamodzikamodzi, ana akuwerenga mokweza. Pa kakhumi madzi anali pa kathabwa kachiwiri. Pa ka 20 anaima pa kachitatu. Agogo anawerama, nagwira m'mbali mwa kaboti ndi chala kuti amve pamene pafika madzi, popeza maso sakanawathandiza. Kenaka anati, "Eya, ili ndiye langa." Amalume, amene anabwera kudzaseka, anangovula chipewa n'kukanda m'mutu.

Agogo anali ndi phunziro linanso. Anandiuza kuti ndichotse timatumba tonse pansi, ndiyale kathabwa pamwamba pa timipando, ndiunjike katundu yemweyo pamenepo. Kulemera kunali komweko, koma kafunde kakang'ono katangofika, kaboti kanapendeka, katundu anatsetsereka, ndipo kanagubuduzika. Anatembenukira kwa ana aja nati, "Mwaona? Ichi n'chifukwa chake timakukalipirani mukaimirira m'boti. Cholemera chikhale pansi." Ndinakumbukira chikumbutso chimene chili pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi, cha anthu 145 amene anafa pamene sitima ya Vipya inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946. Ndadutsapo kambiri pamalo paja, koma sindinkaganizirapo momwe chombo chachikulu chingatembenukire m'kanthawi kochepa. Kaboti ka masentimita 70 kanandionetsa ndi maso. Nyanja sisiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono, lamulo lake ndi limodzi.

Ntchito yonse inanditengera masabata asanu. Ndalama zimene ndinaononga ndi za guluu, sandipepa ndi timabotolo tiwiri ta penti basi. Kaboti ndinakasiya kunyumba, pamwamba pa kabati ya agogo, ndipo amayi akuti alendo akabwera nkhalambayo imakatsitsa n'kuyamba kufotokoza nthiti iliyonse. Kope la manambala ndiye ndili nalo kuno. Kalipentala uja anandibwereka tepi anakopera masamba ake onse, akuti akadzapeza matabwa adzayesa kukhoma boti lenileni potsata manambalawo, angochulukitsa ndi 10. Tsiku limenelo likadzafika, boti la agogo lidzabwerera pa nyanja.

Kwa mnzanga amene angafune kuyesa, malangizo anga ndi awa. Yamba ndi chombo chimene ungathe kuchigwira ndi manja n'kuchiyeza wekha, osati sitima ya pa chithunzi. Sankha muyeso umodzi ndipo usausinthe, ngakhale pa kampando kapena pa nkhafi. Lemba nambala iliyonse usanadule kanthu, chifukwa pensulo imafufutika koma mpeni subweza. Usathamange, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koposa zonse, funa munthu amene anapangapo chinthu chenichenicho, ukhale naye pansi.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu simuchokera kunyanja. Koma kwanu kuli ngolo, kuli nkhokwe, kuli ng'oma, kuli nyumba ya udzu imene denga lake silidontha, ndipo kuli nkhalamba imene imadziwa kapangidwe kake popanda pepala. Ife tapatsidwa mwayi wodziwa kugawa, kuchulukitsa ndi kujambula. Iwo ali ndi zimene sitingazipeze m'laibulale. Tchuthi chikubwerachi tengani tepi ndi kope, mukawapeze akadali ndi mphamvu zoloza ndi chala. Mau a akulu amakoma akagonera, koma amagonera bwino akalembedwa.